Kusonkhanitsa cheza chosamvera galasi: mmene amapangira malenzi ndi akalilole a X-ray

Chithunzi cha X-ray chimene dokotala amayang'ana akafuna kuona fupa lothyoka ndi mthunzi chabe. Cheza chimachoka m'makina, n'kupyoza thupi, n'kukagwera pa chojambulira. Pamene pali fupa chimadutsa chochepa, pamene pali mnofu chimadutsa chambiri, ndipo panjira yonseyo palibe lenzi ngakhale imodzi. Pofufuza fupa zimenezo n'zokwanira. Koma munthu akafuna kuona mng'alu umene wangoyamba m'kati mwa kanjere kamodzi ka m'batire, mthunzi suthandizanso. Pamafunika kusonkhanitsa chezacho kuti chonse chikagwere pa kadontho kakang'ono zedi, kapena kukulitsa chithunzi monga imachitira maikulosikopu. Ntchito imeneyi yasautsa asayansi kwa zaka zoposa 100.

Muyeso wa nkhani ino ndi nanomita. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1 miliyoni, chigawo chimodzicho ndiye nanomita. Selo lofiira la m'magazi ndi lalikulu mananomita pafupifupi 7,500, kachilombo ka fuluwenza pafupifupi 100, ndipo maatomu awiri oyandikana a silikoni atalikirana nanomita 0.24 basi.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Mu 1873 Ernst Abbe wa ku Jena anasonyeza kuti maikulosikopu, ngakhale ikhale yabwino chotani, singasiyanitse tinthu tiwiri tikayandikana kuposa pafupifupi theka la kutalika kwa funde limene ikuonera. Mafunde a kuwala kooneka ndi maso ndi otalika mananomita 400 mpaka 700, choncho malire ake ali cha pa 200. X-ray yamphamvu, yotha kupyoza chitsulo chopyapyala, funde lake ndi la nanomita 0.1 kapena kucheperapo. Papepala ndiye kuti bwenzi tikuona atomu iliyonse payokha. Maikulosikopu ya maelekitironi imaonadi maatomu, koma imafuna kuti chinthucho chisendedwe mpaka chipyapyale kufika cha pa mananomita 100, pamene X-ray imalowa m'chinthu chathunthu, batire ili m'kati motchajidwa, chitsulo chikutentha.

Komatu zipangizo zabwino kwambiri za masiku ano zimafika pa kadontho ka mananomita ochepa, ndipo zogwirira ntchito tsiku ndi tsiku zambiri zili pa 10 kupita m'mwamba. Tatsalira ndi maulendo makumi angapo mpaka 100 kapena kuposa. Chotitsekereza si funde ayi, koma luso lathu losema, makamakanso luso loyeza chimene tasemacho.

Chifukwa chake galasi silithandiza

Wilhelm Röntgen, amene anatulukira chezachi ku Würzburg mu Novembala 1895, anayesa yekha kuchikhotetsa. Anaika panjira yake malenzi a galasi ndi a labala wouma, koma chinangodutsa ngati palibe chachikhudza, ndipo iye anagamula kuti malenzi sangachisonkhanitse. Anali pafupi kwambiri ndi choonadi. Mphamvu imene chinthu chimakhotetsera kuwala amaiyeza ndi nambala: malo opanda kanthu ndi 1, madzi 1.33, galasi 1.5. Chofunika ndi kusiyana kwa nambalayo ndi 1. Tsono X-ray yamphamvu ikalowa mu aluminiyamu, nambala ija imakhala pafupifupi 0.999997. Kusiyana kwake ndi 0.000003, kochepa maulendo oposa 100,000 poyerekeza ndi 0.5 wa galasi. Taonaninso kuti nambalayi ili pansi pa 1, osati pamwamba. Kachinthu kameneka kamatembenuza zinthu ziwiri: lenzi yosonkhanitsa X-ray iyenera kukhala yopyapyala pakati ndi yonenepa m'mphepete, mosemphana ndi lenzi wamba, ndipo cheza chikabwera chokwawa kwambiri pamwamba pa chinthu chosalala, chimabwerera chonse osalowa m'kati.

Kukula kwa kadontho kumadalira kutalika kwa funde ndi ngodya imene cheza cha m'mphepete mwa lenzi chakhotera. Kuti funde la nanomita 0.1 lipereke kadontho ka mananomita 10, cheza cha m'mphepetecho chiyenera kukhota pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri. Kumva kwake n'kochepa, koma kwa X-ray imeneyo ndi ngodya yaikulu. Palinso lamulo lina, la Lord Rayleigh: mafunde ochokera mbali zonse za lenzi afike pa kadonthopo mogwirizana, osasiyana kuposa kota ya funde. Kota ya 0.1 ndi nanomita 0.025, mtunda wochepa kwambiri kuposa atomu imodzi. Njira zonse zimene anthu apeza zikulimbana ndi malamulo awiriwa.

Akalilole okwawitsa cheza

Galasi la pawindo mukaliyang'ana chamaso mumaona za kuseri kwake, koma mukaliyang'ana cham'mbali kwambiri limanyezimira ngati kalilole. Arthur Compton anafalitsa mu 1923 umboni woti X-ray nayo imatero, kungoti ngodya yake ndi yopapatiza koopsa: pa silikoni pafupifupi digiri 0.2, pa pulatinamu pafupifupi theka la digiri. Pa ngodya ya 0.2, cheza chotambalala milimita imodzi chimafuna kalilole wotalika masentimita pafupifupi 30.

Kalilole mmodzi wopindika amasonkhanitsa cheza mbali imodzi yokha, n'kupanga kamzere m'malo mwa kadontho. Mu 1948, ku Stanford, Paul Kirkpatrick ndi Albert Baez anaika akalilole awiri motsatizana, wina chogona wina choimirira, aliyense kufinya mbali yake. Mpaka lero amatchedwa akalilole a KB, ndipo ubwino wawo waukulu ndi woti kadontho sikasuntha ngakhale musinthe mphamvu ya X-ray. Wofufuza amene akufuna kudziwa ngati chitsulo cha m'sampulo yake chachita dzimbiri kapena ayi amasinthasintha mphamvuyo, choncho kwa iye khalidwe limeneli ndi lamtengo wapatali. Hans Wolter mu 1952 anakonza mapangidwe ena, a cheza chogunda kawiri, pofuna maikulosikopu, koma anayamba kupindula nawo ndi ofufuza zakuthambo. Telesikopu ya Chandra, imene inaponyedwa m'mlengalenga mu 1999, ndi ya mtundu umenewo.

Kukwawa kuja kuli ndi chifundo chimodzi. Pa ngodya ya digiri 0.2, kabampu ka nanomita imodzi pa kalilole kamasokoneza ulendo wa funde ndi nanomita 0.007 yokha. Ndiye kuti kalilole akhoza kuphonya maonekedwe ake ndi mananomita atatu asanaswe lamulo la Rayleigh. Chifundo chake n'chomwecho: pa mtunda wa masentimita 10 mpaka 30, paliponse pasakwere kapena kutsika kuposa mulu wa maatomu khumi ndi angapo.

Amene anathyola mpanda umenewu ndi a ku yunivesite ya Osaka. Njira yawo, imene anaiyambitsa Yuzo Mori n'kuipititsa patsogolo gulu la Kazuto Yamauchi, imatchedwa elastic emission machining, ndipo siipala kapena kukwecha kalilole m'pang'ono pomwe. Chidutswa cha silikoni amachimiza m'madzi oyeretsedwa kwambiri, osakaniza ndi ufa wosalala wa tinjere tosaoneka ndi maso. Madziwo amawayendetsa pa kamalo kamodzi kakang'ono. Kanjere kakakhudza silikoni, maatomu ake amagwirana ndi atomu ya pamwamba penipeni, ndipo madzi akamakakokolola kamachoka nayo atomuyo. Palibe mphamvu yokankha, choncho pansi pake sipatsala zipsera. Kompyuta imawerengera nthawi yoti madziwo akhale pamalo aliwonse: pamene patukuka akhalitse, pamene pali bwino adutse msanga. Akatero amatulutsa kalilole, n'kumuyeza, n'kumubwezeranso m'madzi, mobwerezabwereza.

Kuyezako ndiye kunali kovuta kuposa kusema. Makina oyezera ndi kuwala kwa leza amaona bwino kachigawo kakang'ono kokha ka kalilole wopindika chonchi, ndiye ankayeza tizigawo tambiri tolowana m'mphepete, kompyuta n'kutilumikiza. Polumikizapo m'pamene zolakwika zimabisala. Mu 2010 Hidekazu Mimura ndi anzake anachita zosiyana. Pa SPring-8 ku Japan, imene ndi synchrotron (makina aakulu ozungulitsa maelekitironi kuti atulutse X-ray yamphamvu), pa njira ya cheza yotalika kilomita imodzi, anasiya X-ray yomweyo kuti iulule zolakwika za kalilole wawo: anayeza mmene cheza chikumwazikira pafupi ndi posonkhanira, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuti funde lapotoka pati. Kenako kutsogolo kwake anaikako kalilole wachiwiri wokhala ndi tizipangizo tomupinda pang'onong'ono ndi magetsi, n'kumupotoza mosemphana ndi cholakwikacho. Anapeza kamzere ka mananomita 7. Mu 2024 gulu la ku Osaka, mogwirizana ndi a pa leza ya X-ray ya SACLA, linafika pa mananomita 7 mbali zonse ziwiri, ndipo mapangidwe ake anatengera nzeru ija ya Wolter.

Mabowo m'chitsulo

Malenzi enieni anabwera mochedwa ndiponso mosayembekezeka. Toshihisa Tomie anali atalembetsa kale ganizoli ku Japan mu 1994, koma amene anaonetsa dziko kuti likugwira ntchito ndi Anatoly Snigirev ndi anzake ku ESRF, synchrotron ya mumzinda wa Grenoble ku France, mu 1996. Anatenga chidutswa cha aluminiyamu n'kuboola mabowo 30 ondondozana, lililonse lotambalala milimita 0.6. Kakhoma ka pakati pa mabowo awiri n'kopyapyala pakati ndi konenepa m'mphepete, ndiye kuti ndi lenzi. Imodzi payokha ikanasonkhanitsa cheza pa mtunda wa mamita oposa 50. Zonse pamodzi zinachisonkhanitsa pa mamita osakwana awiri, pa kamzere ka mananomita 8,000. Bruno Lengeler ku Aachen anadzawongolera maonekedwe a mabowowo n'kuyamba kuwadinda mu beriliyamu, chitsulo chopepuka chosameza cheza chambiri, ngakhale fumbi lake ndi poizoni. Malenziwa ndi olimba ndiponso osavuta kuika, koma m'mphepete monenepamo mumamezedwa cheza, ndiye kawirikawiri amalekezera cha pa mananomita 50.

Nkhani yawo yokoma inachitika mu 2017. Frank Seiboth, Christian Schroer ndi anzawo anayeza kupotoka kwa funde lotuluka mu mulu wa malenzi a beriliyamu, n'kusema ndi leza kambale ka galasi kofafaniza kupotokako. Anauveka mulu wa malenzi magalasi a maso, titero kunena. Cheza chimene chinkatayikira m'mbali chinabwerera pa kadontho kapakati.

Timizere tosanjikizana

Njira yachitatu sikhotetsa cheza kapena kuchibweza. Imadalira khalidwe la mafunde loti akadutsa pa timipata amamwazika, kenako pokumana ena amalimbikitsana, ena amafafanizana. Chipangizo chake, zone plate, ndi timphete tambirimbiri tokhala ndi pakati pamodzi, totakata chapakati n'kumapyapyala popita kunja. Mphete zimene mafunde ake akanafika mosemphana ndi anzawo zimatsekedwa kapena kuchedwetsedwa ndi golide. Günter Schmahl ndi Dietbert Rudolph ku Göttingen ndi amene anazisandutsa maikulosikopu ya X-ray yogwira ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2005 Weilun Chao ndi anzake ku Berkeley anaona nazo tinthu ta mananomita 15 ndi X-ray yofooka.

Lamulo lake n'losavuta kuloweza: kadontho kamakula pafupifupi mofanana ndi kupyapyala kwa mphete yakunja kwenikweni. Mukufuna mananomita 10, lembani mphete ya mananomita 10. Kulemba kokha makina a maelekitironi amatha. Vuto ndi msinkhu. Kuti golide achedwetse X-ray yamphamvu ndi theka la funde, ayenera kukhuthala mananomita pafupifupi 2,000. Ndiye kuti pakufunika timakoma totalika maulendo 200 kuposa kunenepa kwake, toimirira chilili moyandikana, masauzande. Chikombole chofewa chimene amathiramo golideyo chimagwa chisanafike n'komwe pamenepo, nthawi zambiri pouma, madzi otsala pakati akamakoka timakoma kuti tigundane. Kuwonjezera apo, zone plate yotseka cheza imapereka ku kadontho pafupifupi 10 peresenti yokha, yochedwetsa pafupifupi 40 peresenti ikakhala yangwiro, ndipo mukasintha mphamvu ya X-ray kadontho kamasamuka.

Anthu a ku Argonne, malo ofufuzira za sayansi ku America, pakati pawo Jörg Maser ndi Hyon Chol Kang, anaganiza zosiya kuimika makoma n'kuyamba kuwagoneka. Pa mbale yosalala ya silikoni amawazapo maatomu a chinthu cholemera, kenako a chopepuka, mosinthanasinthana, chigawo pamwamba pa chinzake. Amayamba ndi zigawo zopyapyala kwambiri, zija zofunika kulondola koposa, mbale ikadali yosalala, n'kumakhuthalitsa pokwera. Akamaliza amadula kachidutswa chopingasa ndi mpeni wa maayoni (kamtsinje kopyapyala ka maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi), ndipo X-ray imalowa cham'mbali, kutsata zigawozo. Msinkhu wa makoma tsopano ndi kukhuthala kwa kachidutswa kodulako, ndipo wodula amasankha yekha. Imeneyi ndiye multilayer Laue lens. Mu 2006 inapereka mananomita 30. Monga akalilole a KB, pamafunika ziwiri zopingasana.

Zigawo zikafika popyapyala chonchi, chilichonse chimakhala ngati kakalilole, ndipo chiyenera kupendekeka pa ngodya yakeyake. Gulu la Saša Bajt ku DESY, malo ofufuzira za sayansi mumzinda wa Hamburg, limaika chotchinga chimene chimachititsa kuti maatomu agwe ambiri mbali ina, ochepa mbali ina, ndiye chigawo chilichonse chimatuluka chonenepa kumodzi. Mu 2018 anafalitsa zotsatira za malenzi a zigawo zoposa 10,000 za tungsten carbide ndi silicon carbide: kadontho ka mananomita 8.4 mbali ina ndi 6.8 mbali inayo. Makina owazawo amayenda nthawi yaitali osapuma, ndipo liwiro lawo likasintha pang'ono, zigawo zonse zapamwamba zimakhala pamalo olakwika. Mu 2024 gulu lomwelo linatsika pansi pa mananomita 3, ndipo linatero powonjezera kachipangizo kofafaniza kupotoka kumene linayeza. Akalilole, malenzi a beriliyamu, zigawo zosanjikizana: konseku chipambano chabwera mofanana, poyeza cholakwika ndi X-ray yomweyo n'kuchikonza ndi chipangizo chachiwiri.

Nanga kadontho ka mananomita 7 amakaona bwanji, poti timaso ta kamera iliyonse n'tatikulu maulendo ambirimbiri kuposa pamenepo? Kale ankadutsitsa mpeni wakuthwa pa cheza n'kumayeza chotsala, koma mpeniwo uli ndi mano ake ndipo umanjenjemera. Masiku ano amadalira ptychography, ganizo la Walter Hoppe la mu 1969 limene linadikira makompyuta amphamvu. Sampulo amaisuntha pang'onopang'ono kuti malo owalitsidwa azilowana, ndipo paliponse kamera ya patali imajambula mmene cheza chamwazikira. Chifukwa cha kulowanako, kompyuta imapeza yankho limodzi logwirizana ndi zithunzi zonse. Mu 2008 Pierre Thibault ndi anzake ku Paul Scherrer Institute, ku Switzerland, anasonyeza kuti yankholo limapereka zinthu ziwiri nthawi imodzi: maonekedwe a sampulo ndi maonekedwe a funde lenilenilo.

Apa pali chodabwitsa chimene chingawawitse mutu wosema malenzi. Ptychography imaona tinthu tating'ono kuposa kadontho kamene ikuwalitsira. Ku malo omwewo, Mirko Holler ndi anzake mu 2017 anajambula m'kati mwa chipu ya Intel mbali zonse zitatu mpaka mananomita 14.6, ndipo mu 2024 Tomas Aidukas ndi anzake anafika pa 4. Ndiye malenzi abwino n'ngachiyaninso? Ine ndikuona kuti funsoli limaiwala theka la ntchito. Ptychography imakuuzani pamene pathithikana ndi pamene papepuka. Koma mukafuna kudziwa kuti zinki kapena kopa ali pati m'selo, mumadalira cheza chimene maatomuwo amatulutsa okha akawombedwa, ndipo chezacho sichinena kumene chachokera. Chimene mukudziwa n'choti chachokera pamene mwawomba. Kadontho kakakhala ka mananomita 50, mapu anu a zinki ndi a mananomita 50, kompyuta singakupulumutseni. Ptychography nayonso imafulumira cheza chikasonkhanitsidwa bwino.

Zimene nambala yaing'ono sinena

Mpikisano wa kadontho kakang'ono koposa umakoma powerenga, koma wofufuza amene wapatsidwa masiku ochepa pa synchrotron amafunsa zina. Lenzi ya ngodya yaikulu imasonkhanitsa cheza pa mamilimita ochepa kuchokera pamene ili, ndiye ng'anjo, chozizitsira kapena batire yathunthu zimasowa pokhala. Kadontho ka mananomita 10 kamakhalabe kakang'ono pa mtunda wa mananomita masauzande awiri kapena atatu okha, ndipo sampulo ikakhuthala kuposa apo mbali ina imaoneka mwachimbuuzi. Kutenthanso kumasokoneza. Chogwirizira cha aluminiyamu cha masentimita 10 chikatentha ndi digiri 0.01 yokha chimatalika mananomita 23, kuposa kawiri kukula kwa kadontho. N'chifukwa chake zipinda zoyeseramo amazisunga pa kutentha kosasintha, zogwirizira amapanga ndi invar (chitsulo chosatalika kwenikweni chikatentha) kapena mwala wa granite, ndipo malo a sampulo amawalondola ndi leza mosalekeza. Nthawi nayo siyochepa: malo a mananomita 10,000 mbali zonse, powayenda ndi kadontho ka 10, ndi madontho 1 miliyoni, ndipo pa sekondi 0.01 lililonse ndi maola pafupifupi atatu. Chithunzi cha mbali zitatu chimafuna kubwereza zimenezo pa ngodya mazanamazana.

Gwero la cheza lasinthanso zinthu. Lenzi imafika pa malire ake ngati mafunde olowa ali ogwirizana, ndipo m'makina akale cheza chotere chinali chochepa kwambiri. Chotsalacho ankachitaya ndi zotchinga. Synchrotron ya MAX IV ya ku Lund, ku Sweden, imene inatsegulidwa mu 2016, ndi ESRF itakonzedwanso mu 2020, zimafinya mtsinje wa maelekitironi kotero kuti cheza chogwirizanacho chachuluka, ku ESRF pafupifupi maulendo 100. Walira mvula walira matope: cheza chogwirizana chimaonetsa poyera kabampu kalikonse ka pa kalilole ngati mizeremizere pa chithunzi, ndipo akalilole amene kale ankaoneka abwino tsopano sakukwanira.

Malire omaliza ali m'sampulo momwemo. X-ray ikamezedwa imathothola maelekitironi, ndipo iwo amadula zolumikiza maatomu. Malcolm Howells ndi anzake anawerengera mu 2009 kuti pojambula mbali zitatu, kuona tinthu tochepa kawiri kumafuna cheza chochuluka maulendo 16, ndipo tochepa kakhumi maulendo 10,000. Selo, ngakhale louma ndi chisanu choopsa kuti zidutswa zake zisasunthe, limayamba kuwonongeka lisanapereke chithunzi choposa pafupifupi mananomita 10. Silikoni ndi kopa zimapirira cheza chochuluka kutalitali, ndipo n'chifukwa chake chithunzi cha mananomita 4 chija chinali cha chipu, osati cha selo.